Tsiku Limene Chandamale Chinayenda Chokha

Tambala asanamalize kudzitama, Enelesi amakhala atasesa kale pabwalo. Akatero ndi kumjigo, ndowa ina pamutu ina m'manja. Kubwerako ndi kuchapa matewera a Ndaziona, kuyanika, kupirikitsa nkhuku, kuphika phala, kumwetsa mwana, kupukuta phala lomwe mwanayo walavulira pa bulawuzi, kudzutsa mwamuna wake Lufeyo, kuwaza nkhuni, kudzutsanso Lufeyo. Kenaka kukanda ufa wa mandasi, kuuvundikira kuti ufufume, mwana kumbuyo, chiwaya pamutu, ulendo ku msika wa Mpanipani. Madzulo ntchito zonsezi zimabwereranso, kupatula yodzutsa Lufeyo, poti nthawi imeneyo amakhala atadzuka kale ndipo akufunsa za ndiwo.

Chiwayacho sichinali chiwaya wamba. Enelesi atasiyira sukulu panjira analima maganyu dzinja lathunthu, mpaka wosula zitsulo anamusulira chiwaya chachikulu choti mwana nkusambiramo, chakuda kunja, chonyezimira mkati, cha makutu awiri. Mchere, sopo, mankhwala a chifuwa a Ndaziona, zonse zinkatuluka m'menemo. Ena ali ndi dimba, ena ali ndi malume awo ku likulu. Enelesi anali ndi chiwaya.

Izi zinkachitika m'dziko la Penyakutali, komwe ankalamulira Mwinidziko Tsinzinadiso Wachiwiri. Tsiku lina amfumuwa atakhuta anagona tulo ta masana pakhonde la nyumba yachifumu, ndipo podzuka anapeza nsapato kumapazi kulibe. Pakhondepo panali nduna zokhazokha. Choncho aliyense anagwirizana kuti wakubayo anachokera kutali.

Nkhani inapita ku Bwalo la Chivomerezi, komwe malamulo a dzikolo amaphikidwa. Nduna ya Chitetezo, Bwana Gwedemula, inaimirira nkukonza tayi. Zinangochitika mwangozi kuti mlamu wawo anali ataitanitsa mabokosi a timfuti ta m'manja totchedwa pisitolo, ndipo tinkachita dzimbiri kuchipinda posowa ogula. Funso lomwe bwanayo anaika pabwalo linali lakuti: kodi munthu wodziteteza ndi kamfuti kotere ayenera kudziwa kulasa patali?

Nkhalamba ina ya m'bwalomo inakweza dzanja.

"Pepani Mwinidziko. Ine onse amene anandiberapo anali pafupi moti ndinkamva fungo la m'khwapa mwawo."

"Ndi pomwe mumalakwitsa pomwepo, agogo!" anakuwa Bwana Gwedemula. "Wakuba amene ali pafupiyo, kodi anamera pansi ngati bowa? Anali kutali poyamba! Anali kadontho kumapeto kwa njira! Ife tizithana naye akadali kadontho. Akafika pafupi ndiye kuti wochedwa ndinu, musavutitse boma."

Bwalo linawomba m'manja mpaka zikhato kufiira. Nkhalamba ija anaikweza udindo nkuitumiza kukayang'anira malire, komwe nayo inakasanduka kadontho.

Lamulo linafika ku Mpanipani pa lole ya chimkuzamawu. Mdani, linatero, ndi amene ali patali. Aliyense amene watalikira moti nkhope yake simukuizindikira, awomberedwe. Koma amene wayandikira mpaka mwamuona nkhope ndi mnansi: osamuwombera, osamugwira, osamufunsa chimene wanyamula, pakuti kukayikira wapafupi ndi kunyoza nduna zimene zimakhala pafupi ndi mfumu. Timfuti tinagawidwa kwa nduna, alembi, odulitsa ziphaso mumsika, ndi aliyense wooneka kuti ali ndi tayi.

"Ndiye kuti chiyani pamenepa, asisi?" Enelesi anafunsa Nazimbiri, mnzake wogulitsa tomato pambali pake.

"Ndiye kuti ukafuna kuba uziyamba wapereka moni. Ulemu wabwerera m'dziko."

Sanamalize nkuseka komwe, anatulukira Zuze, wakuba wamkulu wa mumsikamo, atasamba, atadzola, mano onse pamtunda. Anawerama mpaka mphuno yake kutsala pang'ono kugunda ya Enelesi.

"Mwadzuka bwanji, amake Ndaziona? Mukundiona bwinobwino nkhopeyi?"

"Ndikukuona, Zuze."

"Zikomo kwambiri." Anatola mandasi odzaza dzanja, lina nkuluma pomwepo. "Mawa muwonjezereko shuga, anansi."

Kuyambira pamenepo dziko linasintha mayendedwe. Palibe amene ankafuna kuoneka patali. Anthu ankayenda chounjikana ngati nthochi pa mkoko. Amayi popita kumjigo ankagwirana zitenje. Wopita yekha kumunda ankayenda akukuwa dzina lake ndi la amake. Nawo abwana a matayi ankagwira ntchito modzipereka: kadontho kakangooneka, diso limodzi tsinzi, lilime panja, phuu! Zomwe zinafa m'miyezi imeneyo ndi mapapaya, malata a tchalitchi, mitsuko, ndi khutu la tonde wa Nazimbiri. Munthu wolozedwa sanalasidwepo ndi mmodzi yemwe. Anthu anaphunzira msanga kuti bwana akakuloza ndi kamfuti uime pomwepo ndi mtima wa phee. Woti athawe ndi amene waima pambali.

Enelesi zonsezi ankangoseka. Zuze ankadya, inde, koma chiwaya chinali chachikulu, chinkadyetsa banja ndi wakuba yemwe.

Vuto linayamba pamene amfumu anadandaula kuti akawombera pepala lopachikidwa kutali sadziwa ngati alasa. Ankafuna chandamale cholira, choti chikalasidwa dziko lonse limve. Anayesa chitsulo cha belu la kusukulu, chinachepa, ndipo ana asukulu mpaka lero sadziwa nthawi yolowera. Kenaka Bwana Gwedemula anadutsa ku Mpanipani ndi asilikali awo, maso awo nkugwera pamoto pa Enelesi.

"Mayi, dziko likufuna chiwaya chanu."

"Dzikolo likufuna mandasi angati, bwana?"

"Osati mandasi. Chiwaya. Chikakhala chandamale cha Mwinidziko. Ndi ulemu waukulu."

"Nanga mukachiboola ndizikazingira m'chipewa chanucho?"

"Chikabooka ndiye kuti dziko latetezeka. Mukundiona bwinobwino nkhopeyi?"

Enelesi anaiona nkhopeyo, yonenepa, yonyezimira. Anali mnansi. Chomwe Enelesi anakwanitsa nkutsanulira mafuta m'mabotolo. Asilikali anachigwira chikadali chamoto, nkumapatsirana akuvina ndi kuyamwa zala mpaka pa lole. Msika wonse unaseka. Enelesi yekha sanaseke.

Anayesa kukazingira m'kapoto ka ndiwo. Mandasi ankalowa ochepa, ankatuluka opsa kunja osapsa mkati, ndipo ogula otopa nkudikira anayamba kupita kwa mayi wina wa kumapeto kwa mzere, yemwe mandasi ake ndi olimba ngati zidendene. Sopo anatha. Enelesi anapita ku ofesi ya madandaulo. Mlembi anamuuza mwaulemu kuti dandaulo la munthu wapafupi sililandiridwa, poti mnansi wa boma sangakhale ndi vuto. Ngati akufuna kumvedwa akaime patali. Ali pakati pofotokoza, mlembiyo anali akupukuta kamfuti kake. Enelesi anathokoza nabwerera.

Madzulo ena Lufeyo analowa pakhomo akuyenda ngati wameza mtengo, tambala m'khwapa, nyundo paphewa.

"Amake Ndaziona, gwadani. Munakwatiwa ndi munthu wa boma."

"Boma lake liti? Ndipo tambalayo ndi wa yani?"

"Ndalembedwa ntchito. Ndine Mboni ya Chipolopolo."

Anakhala pampando nkufotokoza monong'ona, chifukwa chinali chinsinsi cha dziko. Chiwaya anachipachika pamtengo pamwamba pa chulu, kutsidya kwa dambo la Mwaphonya. Kuseri kwa chuluko anakumba dzenje. M'dzenjemo ndi mu ofesi mwa Lufeyo.

"Mfuti ikati phuu, ine nkudzuka ndi nyundo, ngwee! Basi, bwana alasa."

"Nanga chipolopolocho?"

"Chimapita kwawo. Ine sindinakumane nacho."

Enelesi anaseka mpaka kukhala pansi, misozi mbwe. Ndaziona naye anayamba kuseka osadziwa kanthu. Lufeyo analimbikitsidwa.

"Komatu pali luso, musaone ngati nzachibwana. Akawomba mlembi, ndimangogogoda pang'ono, ngwe. Ikawomba nduna, ngwee. Akawomba Mwinidziko ndimagwira ndi manja awiri, ndimayamba ndalavulira m'zikhato, NGWEEE, mpaka akhwangwala kubalalika. Tambalayu ndi wa Nduna ya Misewu, akufuna yawo izimveka kuposa ya Nduna ya Madzi."

Kuseka kwa Enelesi kunazima ngati moto wothiridwa madzi.

"Taimani. Nyundo imeneyo. Pa chiwaya changa?"

"Ndi cha dziko pano."

"Bambo ake Ndaziona, chili bwanji chiwaya changa?"

Lufeyo anayang'ana tambala, tambala anayang'ana kumbali.

"Chaphwanyikako mwina ndi mwina. Ndiye pali kamng'alu. Kakang'ono, ngati tsitsi. Pafupi ndi khutu."

"Kamng'alu!"

"Musakuwe, ndi chinsinsi cha dziko."

Ndipo anawonjezera kuti kukubwera Tsiku la Kulasa, pamene amfumu, nduna, alembi ndi alendo adzawombere chiwayacho kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, anthu onse a m'dziko akuonerera. Enelesi sanafunike wina womuuza. Chiwaya cha mng'alu chikalandira nyundo tsiku lathunthu chimasanduka zigamba zokhomera khola la nkhumba.

"Mukachibweretse."

"Ndichotsedwe ntchito?"

"Ndiye muzimenya khasu m'malo mwake."

"Khasu limalira mopyapyala. Amfumu amawadziwa mawu a chiwaya chawo."

"Chawo!" Enelesi anaimirira. "Analima nawo maganyu aja? Tambalayo mupha nokha, mukazinga nokha, m'chipewa cha Gwedemula."

M'mawa wa Tsiku la Kulasa Enelesi anasesa, anatunga, anachapa, anamwetsa mwana. Lufeyo sanafunike kudzutsa, anali atapita kale ku ofesi. Kenaka anakanda ufa wodzaza beseni lalikulu, anatenga mabotolo a mafuta, nkhuni ndi chipande, nkukatula zonse kwa Nazimbiri pamodzi ndi Ndaziona.

"Ufa wonsewu ukazingira pati, iwe?"

"M'chiwaya changa. Inu mukandidikire ndi katunduyu ku bwalo komwe akawomberereko. Muike mafuwa pansi pa mtengo wa mango, musonkhe moto. Mwanayu musamupatse tomato wosapsa."

"Enelesi, kutsidya kuja ukakhala kadontho! Bwalo lonse lili ndi mfuti!"

"Asisi, anthu aja aloza chiwaya chija nyengo yonseyi. Amene wachivulaza ndi mwamuna wanga yekha."

Anazungulira kudzera m'mabango, matope kufika m'mawondo. Uku akuyenda ankamva chimkuzamawu kuchokera ku chisakasa cha alendo. Amfumu anali akulankhula. Anati makolo athu ankadikira mdani afike pakhomo chifukwa anali osaphunzira. Anati posachedwapa Penyakutali adzatha kulasa wakuba asanatuluke m'nyumba mwake, kenaka asanaganize zakuba, ndipo pomaliza asanabadwe. Anthu analulutira, poti kululutira kunali pa ndondomeko. Kenaka Bwana Gwedemula analengeza kuti Mwinidziko avula nsapato kuti aponde nthaka ya makolo nkuima nji powomba, monga momwe iwo anawalangizira.

Enelesi anafika kuseri kwa chulu nkupeza Lufeyo m'dzenje, thonje m'makutu, nyundo itapakidwa mafuta. Pamwamba pake chiwaya chinkalendewera, chotuwa ndi fumbi, chophwanyikaphwanyika ngati chagwa m'lole.

"Mukutani kuno? Muno ndi mu ofesi!"

Phuu! Mfuti ya amfumu inalira kutsidya. Thupi la Lufeyo linadzuka lokha, malovu m'zikhato, NGWEEE! Enelesi anaona ndi maso ake kamng'alu kaja kakuyenda ngati nyerere. Anagwira nyundo, anaipotokola m'manja mwa mwamuna wake monga amachitira polanda mpeni kwa Ndaziona, nkuiponya m'dambo. Inangoti chubwi. Anakwera pachulu, anamasula waya, chiwaya nkubwerera m'manja mwa mwini wake.

"Mwandipha! Mwandipha ine!" Lufeyo anagwira kumutu. "Chabwino, thawirani kumabango, msanga!"

Enelesi anayang'ana kumabango. Anali odukaduka ngati adyedwa ndi dzombe. Anayang'ana mbali inayo, nthochi zonse zinali mabowo okhaokha. Kumeneko ndi komwe zipolopolo zinkagwera. Njira imodzi yokha m'dambo lonselo udzu wake unali wosakhudzidwa, maluwa ali ngwe, agulugufe akusewera: yolunjika kuchokera pachulu kukafika pakamwa pa mfuti. Komanso kumeneko ndi komwe kunali ufa wake, ndi anthu anjala odzaza bwalo. Anagwira chiwaya makutu onse awiri, anachiimika kutsogolo kwake kubisa nkhope ndi mimba, nkuyamba kutsika.

Anthu a ku chisakasa anaona chinthu chakuda, chozungulira, chamera miyendo iwiri.

"Chandamale chikubwera!" linakuwa liwu lina pa chimkuzamawu.

"Chikadali patali! Wombani!" anakuwa Bwana Gwedemula.

Kunali phuu, phuu, phuphuphu, ngati chimanga cha mbuliwuli m'phale. Lufeyo anathamanga nkudzabisala kumbuyo kwa mkazi wake, akuyenda chowerama, atagwira chitenje. Koma munthu wa boma ndi wa boma. Nyundo analibe, pakamwa anali napo.

"Ngwee!" anakuwa. "Ngwe! Ngwe! Ameneyo ndi mlembi. Ngwee! Nduna ya Misewu imeneyo."

"Mundisiye chitenje, muvula munthu pagulu!"

"NGWEEE! Amenewo ndi eni ake."

Ku chisakasa mantha anakula.

"Mwinidziko, tikuchilasa ndithu, imvani chikulira!"

"Nanga bwanji chikulira ngati munthu?"

"Ndi ululu, Mwinidziko!"

"Nanga bwanji sichikugwa?"

Zomwe zinkagwa ndi zina. Nthambi ya mkuyu inagwa. Khwangwala wina anataya nthenga za kumchira. Mbendera inabooka. Chimkuzamawu chinalasidwa pakati pa mawu nkungoti kwiii, zii. Khamu la anthu wamba, lomwe linkadziwa kale za kawombedwe ka abwana, linathamangira kukaima mondondozana kumbuyo kwa Enelesi m'njira ya agulugufe ija, moti chandamale chinamera mchira wautali wa anthu oyimba ndi kuvina. Enelesi ankangoyang'ana zala za kumapazi kwake, akupemphera kuti ufa usafufume mopitirira. Patapata imodzi inatsala m'matope. Sanabwerere.

Atayandikira, abwana anasokonezeka. Palibe amene anawaphunzitsa chochita ndi chinthu chapafupi. Anayamba kubwerera chambuyo kuti chitalikirenso, akugwa pamipando, akupondana matayi.

"Pezani mtunda! Pezani mtunda!" anakuwa Bwana Gwedemula, iwo nkutsogolera, mimba patsogolo, kulowera kumunda wa chinangwa. Nduna zonse zinawatsatira. Zitafika kumapeto kwa munda zinasanduka timadontho, ndipo alembi, omwe ndi anthu otsata lamulo, anatembenuka nkuyamba kuziwombera. Nduna zinaima chilili osasuntha. Nazo zinkadziwa.

M'chisakasa munatsala amfumu okha, opanda nsapato, kamfuti kali m'dzanja. Chinthu chakuda chija chinafika patsogolo pawo penipeni nkuima. Chinatsika pang'onopang'ono. Kuseri kwake kunatuluka nkhope ya mayi wa thukuta, duku litapendekeka. Enelesi anagwada bwinobwino monga anamulerera amake.

"Mwaswera bwanji, Mwinidziko? Mukundiona bwinobwino nkhopeyi?"

Amfumu anatsegula diso lomwe anali atatsinzina chiyambire m'mawa. Anaiona nkhopeyo. Kamfuti kanapulumuka m'dzanja, kanagwa pansi nkudziwombera kokha.

Thapu.

Kaliwu kake kanali kosasangalatsa, ngati munthu waponda chitini. Chiwaya chinagwedezeka m'manja mwa Enelesi, ndipo m'mphepete mwake, cha kumtunda, munaoneka kabowo kolowa chala. Lufeyo anatsegula pakamwa nkutsekanso, poti izi sizinali mu ntchito yake.

"Chimenecho nchiyani?" anafunsa amfumu.

Bwana Gwedemula anafika ali wefuwefu, masamba a chinangwa m'tsitsi, nkusuzumira pakabowo.

"Yaphonya, Mwinidziko. Osati inu, inu simuphonya, koma mfutiyo, poti inali yokha. Chikalasidwa tonse timadziwa kaliridwe kake, chimati ngwee. Ichi changoti thapu."

"Nanga bowolo?"

"Dzimbiri, Mwinidziko. Mayiyu anatipatsa chiwaya chodwala." Anatembenukira ku khamu, nakweza manja poti chimkuzamawu chinali chitamwalira. "Anthu a Penyakutali! Mwaona nokha! Chandamale chalasidwa mpaka chatopa, chadzuka, chayenda chokha kudzagwada pamaso pa Mwinidziko! Ndi dziko liti lina limene chandamale chinabwera kudzapepesa?"

Nthungululu zinamveka mpaka ku malire. Amfumu anatupa ngati ufa wa mandasi. Anatambasula dzanja pamwamba pa chiwaya nkulengeza kuti achikhululukira, ndipo popeza ndi chodwala dzimbiri, chichotsedwe ntchito ya boma chibwerere kwawo. Anawonjezera lamulo latsopano pomwepo: kuyambira lero chandamale chisamakhale ndi miyendo, ndipo chulu chisunthidwe chipite patsogolo chifukwa chayandikira kwambiri.

"Zikomo, Mwinidziko," anatero Enelesi. Anadzuka, chiwaya pamutu, ulendo pansi pa mango.

Kumbuyo kwake anamva amfumu akufunsa nsapato zawo. Panalibe. Mpando wachifumu panalibenso, ndi ambulera yomwe. Maso a anthu anatembenukira kwa Zuze, yemwe anali atakhala pamuzu wa mango akuseweretsa Ndaziona.

"Ine ayi, abale anga," anatero modandaula. "Kuja ndikati ndifike ndimapeza akuluakulu adutsa kale."

Bwana Gwedemula analamula asilikali kuti akasake wakubayo kumapiri, ndipo anatsogolera okha mpaka pa lole, akuyenda mokhwekhwereza, poti nsapato zomwe anavala zinkawakulira pang'ono.

Nazimbiri anali atasonkha kale moto. Enelesi anatsuka chiwaya ndi mchenga, anachikhazika pamafuwa, anathira mafuta mosamala mpaka pansi pa kabowo, osapitirira. Anadikira. Pa mng'alu paja panatuluka kadontho kamodzi, nkuima. Ufa unali utafufuma mpaka kukweza chivundikiro ndipo unayamba kumveka kafungo kowawasa, koma anthu omwe avina kudutsa dambo safunsa zambiri. Mandasi oyamba atangoti tswaa, mzere unafika ku chisakasa. Alembi nawo anaima pamzere, timfuti m'matumba, zipolopolo zitatha.

Dzanja lodziwika linatulukira cha m'mbali mwa beseni.

"Amake Ndaziona, mukundiona bwinobwino nkho..."

Phwa! Chipande chamoto chinatera pamsana pa dzanjalo.

"Mayo! Lamulo, mayi! Ndine mnansi!"

"Sindinakuwombere, sindinakugwire, sindinakufunse kanthu. Za chipande lamulo silinanene. Pita kumzere, Zuze."

"Koma ndiye simuphonya," anatero Zuze akuuzira dzanja, napita kumzere.

Zomwe zinatayika pa nkhani yonseyi ndi izi. Chiwaya chili ndi bowo, choncho mafuta safika pomwe ankafika kale ndipo mandasi amalowa ochepa. Enelesi amachedwa kuweruka. Mng'alu anakaukhomera chigamba kwa wosula uja, malipiro ake anali tambala wa Nduna ya Misewu. Patapata imodzi, chitenje chong'ambika m'chiuno pomwe ankakoka Lufeyo, ndi ogula ena omwe anazolowera mandasi olimba a mayi uja ndipo sanabwerere. Lufeyo ntchito inatha, nyundo ya boma akumufunsabe, khutu lakumanja silimva bwino, ndipo chitseko chikamenyeka ndi mphepo amakuwa ngwee. Kumudzutsa m'mawa kwafika povuta kuposa kale. Nazimbiri, khutu la tonde. Ana asukulu, belu. Zuze, chithuza. Ndaziona anadya tomato wosapsa ndipo matewera a tsiku lotsatira anachuluka.

Nsapato za amfumu sitikuziika pa zotayika. Izo zikadali pafupi.